Chithunzi cha Luwiza chinafika mochedwa

Tsiku limenelo inali nthawi yanga yotsala ndi ana.

Tinkasinthana, ine ndi achemwali anga a Joakina. Wina akapita kumunda, wina ankatsala pakhomo ndi ana awiri. Wawo anali Luwiza, wanga anali Tomasi. Luwiza anali atayamba kuimirira chogwira mtondo. Tomasi anali atangoyamba kukwawa. Mudzi wathu unali ku Mozambique, kupitirira Milanje, ulendo wa masiku atatu wapansi kuchokera m'malire.

Pakhomo tinalipo awiriwiri. Amayi anamwalira ine ndili wamng'ono, ndipo anandilera ndi a Joakina. Amuna athu onse awiri anatengedwa m'chaka chimodzi ndi anthu a mfuti kuti akawasenzere katundu. Sanabwerere.

M'mawa umenewo a Joakina anapita kukathyola nandolo. Anamanga chitenje chawo, kapulana yobiriwira, ija yong'ambika m'mphepete. Luwiza analira kuti apite nawo. Iwo anamukhazika pansi, anamupukuta mamina ndi chala, n'kunena kuti, "Khala ndi amako awa, ndibwera dzuwa lisanafike pamutu." Mawu omaliza amene ndinawamva kwa iwo ndi amenewo.

Ndinatenga ana n'kupita nawo kumtsinje kukavuula chinangwa chimene tinaviika. Ndinawakhazika pamchenga. Luwiza ankadyetsa Tomasi timiyala, ine n'kumamuchotsa m'kamwa.

Mfuti yoyamba inalira ndili ndi chinangwa m'manja. Ndinayesa kuti wina akugwetsa mtengo. Kenako zinalira zambiri nthawi imodzi. Mbalame zonse zinauluka m'bango. Utsi unakwera kumene kunali nyumba zathu.

Kumudzi sindinabwerereko. Tomasi ndinamubereka kumbuyo. Luwiza ndinamumangirira kutsogolo ndi nsalu imene ndinabweretsa yoti ikhale nkhata. Dengu ndinalisiya pamwala. Ndinatenga zidutswa zinayi za chinangwa chonyowa, basi.

M'tchire ndinakumana ndi anthu ena a kwathu. Aliyense ndinamufunsa za a Joakina. Mayi mmodzi anati anaona kapulana yobiriwira ikuthamangira kumapiri pamodzi ndi anthu amene anali m'minda. Wina anati sanaone kanthu. Ndinasankha kukhulupirira woyambayo.

Msewu tinkaupewa chifukwa cha mabomba okwirira. Tinkayenda mondondozana, aliyense kuponda pamene waponda mnzake wa kutsogolo. Ine mapazi anga sindinkawaona chifukwa cha Luwiza. Ndinkangoyang'ana zidendene za mayi amene anali patsogolo panga. Zinali zong'aluka, ndipo chimodzi chinkasiya magazi paudzu. Ndinkatsata magaziwo.

Panali bambo wina telala amene anasenza mutu wa makina ake osokera. Tsiku lachiwiri anautula patsinde pa mtengo. Anaufunditsa masamba bwinobwino, n'kuthyola nthambi kuti adzazindikire malowo. Palibe anamuseka.

Luwiza anali akuyamwabe kwa amake. Tsiku loyamba anakana bere langa. Anatseka pakamwa n'kutembenuza mutu. Ndinamutafunira chinangwa. Tsiku lachiwiri analilandira berelo, koma ankayamwa akuyang'ana kumbali.

Masana a tsiku limenelo tinamva anthu akuyankhula kutsidya kwa khwawa. Tinagona pansi m'udzu. Luwiza ndinamuika kubere, Tomasi ndinamuika chala m'kamwa. Anali ndi mano awiri okha, koma anandiluma mpaka magazi. Sindinachichotse chalacho. Anthu aja anadutsa akuseka. Mmodzi ankaimba likhweru.

Tsiku lachitatu tinaona phiri la Mulanje lonse, mitambo itakhala pakati pake. Kwathu tinkaliona kutali ngati utsi. Tsopano linali ndi miyala ndi mizere ya madzi. Tinawoloka mtsinje wa Muloza madzi akulekeza m'chiuno. Luwiza ndinamunyamulira m'mwamba. Tomasi mapazi ake ananyowa, ndipo anaseka.

Kutsidya kunali minda ya tiyi. Ndinali ndisanaonepo munda wotero, wometedwa mofanana ngati mutu wa mwana wa sukulu. Amayi othyola tiyi anaima ndi madengu awo kumsana n'kumationa. Mmodzi anatuluka mumzere, anamasula mfundo ya chitenje chake, n'kundipatsa mbatata yophika. Anandiyankhula Chilomwe chonga cha kwathu. Ndinangowomba m'manja.

Apolisi ndi achinyamata a chipani a malaya ofiira anatikhazika pansi pa mitengo ya bulugamu. Anafufuza mitolo ya amene anali ndi mitolo. Kenako lole inatitenga kupita kumsasa wa othawa nkhondo, kufupi ndi malire komweko.

Kumsasako kunali bungwe lothandiza anthu. Linkagawa ufa, nyemba ndi mabulangete, linkapima ana pasikelo, komanso linkafunafuna makolo a ana otayika. Munthu watsopano aliyense ankayamba wadutsa patebulo la pansi pa tenti kukalembetsa.

Ana otayika ankawachita chonchi. Mwana akafika popanda womubereka, ankamujambula atagwira sileti yolembedwa nambala. Zithunzi ankazikhoma pabolodi, ndipo bolodilo linkayenda pa lole m'misasa yonse ya m'boma la Mulanje. Mayi akazindikira mwana wake, ankawakumanitsa. Izi ndinazimvetsa pambuyo pake. Tsiku loyamba ndinamva zina.

Pamzere, kumbuyo kwanga, panali a Sofiya a kwathu, aja ankagulitsa fodya wa mphuno. Anandikoka chitenje.

"Iwe Ameliya, ukafika apo usakayerekeze kunena kuti uyu ndi wa Joakina. Ana opanda amawo akuwalowetsa mutenti yoyera ija. Lole ikabwera, ulendo wa ku Blantyre. Sudzamuonanso."

"Mwamva kwa ndani?"

"Ukufuna ndikubweretsere amene anandiuza? Tseka pakamwa, uyende."

Sanali a Sofiya okha amene ananditseka pakamwa. Kwathu mwana wa mchemwali wako sumukana pagulu. Amene wanena kuti uyu si wanga, akulu amamuitanira pambali. Ndiponso kulembetsa Luwiza pa ana opanda amawo, kwa ine kunali ngati kuwaika a Joakina m'manda ali moyo.

Patebulo panali mtsikana wa msinkhu wanga. Anavala siketi yakuda yofika m'munsi mwa mawondo, bulauzi yoyera ndi nsapato zotseka zimene zinali zitadzaza matope. Dzina lake anali a Esinati. Sanali wantchito weniweni wa bungwelo. Anali wophunzira wa ku koleji ina ku Blantyre, ndipo anamutumiza miyezi itatu kuti adzaphunzire ntchito m'manja mwa nesi wamkulu amene tonse tinkamutcha a Sisitala. Imeneyo inali sabata yake yoyamba.

Anandifunsa dzina ndi mudzi. Mawu ake anali aang'ono ngati anga. Kenako anawerenga funso la papepala. "Mwa ana awa, alipo amene simunabereke inuyo?"

Funsolo ndinalimva bwino. Sindinganame kuti sindinalimve. Ndinayang'ana pansi n'kunena kuti onse ndi anga.

Anafunsa kuti anabadwa liti. Pamenepo sindinaganize zonama. Ndinati Luwiza anabadwa mvula yoyamba itangogwa, Tomasi anabadwa tikukolola chimanga chomwe tinabzala ndi mvula imeneyo.

Cholembera chinaima. Ndinaona zala zake zikuwerenga m'mphepete mwa tebulo. Zinathera pa chala chachisanu. Anayang'ana Luwiza, anayang'ana Tomasi, anandiyang'ana ine. Anatsegula pakamwa.

"Esinati, mzerewu sukuyenda," anatero a Sisitala ali kusikelo. "Anthuwa dzuwa likuwatha."

Analemba. Anandipatsa khadi limodzi la anthu atatu.

Anatipatsa malo kumapeto kwa msasa, pafupi ndi mpanda wa tiyi. Ndinamanga kanyumba ka udzu ndi pepala la pulasitiki. Usiku woyamba wopanda mfuti ana anagona mpaka kucha. M'mawa Luwiza anakwawira pakhomo n'kukhala pamenepo akuyang'ana njira. Ankachita zimenezo tsiku lililonse.

Lachiwiri lililonse kunali sikelo. Ankaipachika panthambi ya mango. Mwana ankamuveka kabudula wa zingwe n'kumukoleka, kenako ankamupima mkono ndi kalamba kakang'ono. Ntchito imeneyi anawapatsa a Esinati. Masiku oyamba amayi sankawasiya.

"Asisi a ku koleji, mwanayo mwamugwira ngati dzira. Saphwanyika ameneyo, wawoloka Muloza!"

"Wanu ali kuti, asisi? Kapena mwamusiya m'bukumo?"

"Nsapatozo vulani, zidzakukanani ku Blantyre."

Iwo ankangoseka ataphimba pakamwa. Tsiku lina anayesa kutipatsa moni wa Chilomwe umene anaphunzira kwa agogo awo, ndipo mzere wonse unagwa ndi phwete. A Sofiya anawabwerezetsa katatu mpaka anakhoza. Kuyambira pamenepo anthu anayamba kuwakonda.

Mwana wina anamwalira pamphasa akudikira sikelo. A Esinati ndi amene anamunyamula, poyesa kuti wagona. Anapita kuseri kwa tenti, anakakhalako pang'ono. Atabwerako maso anali ofiira, koma anaitana wotsatira.

Ine ndikafika pasikelo ndinkafunda chitenje kumutu. Iwo ankapima Tomasi, kenako Luwiza. Pa Luwiza ankachedwapo. Ankamusisita tsitsi. Nthawi zina ankandiyang'ana ngati akufuna kunena kanthu. Ine ndinkayang'ana singano ya sikelo, ngakhale manambala ake sindinkawadziwa. Tonse awiri tinali amanyazi. Masabata anadutsa chonchi.

Bolodi la zithunzi linkafika kamodzi pa masabata awiri. Ankalitsamiritsa pagalimoto, anthu n'kuunjikana. Ulendo wachitatu ndinaliyandikira. Mayi wina wa patsogolo panga anaika chala pa chithunzi chimodzi. Sanakuwe. Anangokhala pansi m'fumbi chala chili chilozere. Patapita masiku anayi lole inabweretsa mwana wake wamkazi, wonenepa, atavala juzi.

Ndinapita kukasuzumira mutenti yoyera ija. Munali ana ochepa akudya phala. Panalibe amene anatengedwa kupita ku Blantyre.

Tsiku limenelo ndinazindikira chimene ndinachita. Ngati a Joakina ali moyo mumsasa wina, ndiye kuti akuima pabolodi lomweli. Akuyang'ana nkhope imodzi imodzi. Luwiza palibe.

Ndinapita kutebulo katatu. Ulendo woyamba panali anthu ambiri. Wachiwiri panali a Sisitala, ndipo ndinaopa kuti andikalipira pagulu n'kundilanda khadi. Wachitatu ndinafika pafupi ndithu. A Esinati anadzutsa mutu n'kundifunsa ngati mwana akudwala. Ndinati ayi, ndimangodutsa.

Lamulungu lotsatira, masana, ndinali pakhomo ndikusankha nyemba. Ndinaona nsapato zakuda zitaima patsogolo panga. A Esinati anaodira, anavula nsapatozo, n'kukhala pansi padothi. Ndinafuna kuwayalira thumba, anakana. Anakokera lichero pakati pathu n'kuyamba kusankha nawo.

Tinasankha nthawi yaitali. Kenako anayamba kunena za kwawo, akuyang'ana nyemba. Anati kwawo ndi ku Thuchila. Anati amene amawatcha amayi si amene anawabereka, koma mng'ono wawo wa amayi awo. Anati anazidziwa ali ndi zaka khumi, ndipo palibe chimene chinasintha.

"Achemwali," anatero, "sindinabwere kudzafunsa ngati Luwiza ndi wanu. Ndi wanu. Ndabwera kudzafunsa amene akumufunafuna."

Nyemba zinayamba kundisokonekera m'maso. Ndinatchula dzina la a Joakina. Kuchokera tsiku la kumtsinje lija ndinali ndisanalitchule mokweza. Luwiza anali pakhomo paja pa masiku onse. Atalimva anatembenuka.

Ndinawafunsa ngati amutenga. Anati ayi. Anati anayamba apita kwa a Sisitala kukapempha, asanabwere kwa ine, ndipo a Sisitala avomera kuti mwana akhale pomwe ali. Anati a Sisitala anangowafunsa funso limodzi, loti anadziwa liti. Sanandiuze chimene anayankha.

M'mawa mwake anamujambula. Luwiza anakana kugwira sileti, ankafuna kunyambita choko. Ndiye anandikhazika pampando, iye pamiyendo panga, sileti n'kugwira ine. A Esinati anati nkhope yanga iwonekenso, chifukwa mwana amasintha msanga koma mchemwali wako sungamuiwale. Ndinachotsa chitenje kumutu. Aka kanali koyamba kujambulidwa m'moyo wanga.

Zithunzi ankakatsukitsa ku Blantyre. Zinatenga masabata awiri. A Esinati ankapita kumsewu tsiku lililonse galimoto ya bungwe ikamafika. Akandiona kutali ankangopukusa mutu kuti sizinabwere.

Zinafika m'sabata yawo yomaliza. Anandionetsa ndisanapite kumadzi. Luwiza anali atatsegula pakamwa, choko chili pachibwano. Ine ndinkaoneka ngati ndakwiya. A Esinati anakhoma okha chithunzicho pakati penipeni pa bolodi. Sinali ntchito yawo kuyenda nalo, koma anapempha kuti akwere nawo lole.

Anayenda masiku atatu. Ine ndinachapa ana, ndinasesa pakhomo, ndinapempha udzu wina kuti ndikulitse kanyumba. Ndinasunga nyemba za masiku awiri osaphika.

Tsiku lachitatu madzulo ndinawaona akubwera m'njira ya m'mphepete mwa tiyi. Anali okha. M'manja anali ndi kamtolo.

Sanavule nsapato. Anagwada pomwepo pakhomo.

Anati kumsasa wa kuseri kwa phiri, asanamalize n'komwe kutsitsa bolodi, amayi awiri anakuwa kuti uyu ndi mwana wa Joakina, ndipo uyu ndi Ameliya. A Joakina anafika kumeneko amoyo, sabata yomweyo imene ine ndinafika kuno. Anali ndi bala pamwendo, koma linapola.

Bolodi likafika, a Joakina ankakhala oyamba kuliyandikira ndi omaliza kuchokapo. Ankayendetsa chala pa chithunzi chilichonse, mzere ndi mzere, kenako n'kuyambiranso. Ankafunsa adalaivala ngati palibe chithunzi chinagwera m'lole. Analembetsa dzina la Luwiza pa ana amene akufunidwa, koma pa mapepala a ana otayika panalibe Luwiza. Anali pakhadi langa, ngati mwana amene ali ndi amake.

Bolodi litabwera kachisanu, anauza anzawo kuti, "Ameliya ndimamudziwa. Akanawoloka, akanamulembetsa mwanayu. Ndiye kuti akadali kutsidya, abisala penapake ndi ana awiri." Anzawo anawaletsa. Iwo anamanga kapulana yawo n'kuwolokanso malire kubwerera kunkhondo. Panali patapita masiku asanu ndi anayi chichokereni.

Ndinawerenga chobwerera. Tsiku limene ankawoloka, chithunzi chinali ku Blantyre.

A Esinati anamasula kamtolo kaja. Munali diresi losokedwa ndi manja kuchokera ku thumba la ufa. Zilembo za thumbalo anazitembenuzira m'kati. M'khosi anasokereramo kansalu kobiriwira. Ndinakadziwa kansaluko.

A Joakina analisiya kwa mnzawo wogona naye nyumba imodzi. Anati mwana akafika iwo asanabwere, amuveke. Diresilo linali lalikulu kwambiri. Mnzawoyo atawafunsa, anayankha kuti sakudziwa kuti adzamupeza ali wamkulu bwanji.

"Ndinaona tsiku loyamba lomwe lija," anatero a Esinati. "Ndinawerenga miyezi. Ndinachita manyazi kumuuza mayi kuti wanama. Ku koleji anatiphunzitsa kudzaza pepala. Ine ndinalidzaza."

Ndinafuna kuwauza kuti wonama ndinali ine. Kuti ndinafika patebulo pawo katatu. Ndinalowa m'nyumba, ndinatunga madzi m'chikho, n'kuwapatsa. Anamwa pang'ono. Otsalawo ndinamwa ine. Tinakhala pamenepo mpaka ana anayamba kulira njala.

Dzina la a Joakina analitumiza m'misasa yonse ndi kwa anthu a m'malire. A Sisitala anabwera okha kudzandiuza zimenezo. Sanandikalipire. Kuyambira sabata imeneyo, patebulo paja anaikapo mayi wachikulire wa Chilomwe, amene ankayamba wauza anthu pamzere kuti mwana wa mbale wako salandidwa. Ana asanu ndi mmodzi analembetsedwa mwezi womwewo. A Sofiya anasiya kudutsa pakhomo panga.

A Esinati anachoka Loweruka. Anali ndi chikwama chimodzi ndi envelopu ya a Sisitala yopita kwa aphunzitsi awo. Amayi anawaperekeza mpaka kumsewu akuwaseka za nsapato zija, zimene tsopano zinali zitang'ambika kutsogolo. Ine ndinaima kumbuyo. Anandifunafuna ndi maso, anabwera, ananyamula Luwiza. Anati ku koleji akayenera kulemba zimene aphunzira kuno, masamba makumi awiri. Anati sakudziwa poyambira.

Sindinawaonenso. Ndinamva kuti anamaliza sukulu ndipo akugwira ntchito yomweyi kumpoto. Sindikudziwa zimene analemba.

Chaka choyamba ndinkapita kumtsinje wa Muloza ndikamva kuti kwawoloka anthu atsopano. Ndinkaima pamtunda ndi ana, kuyang'ana nsalu zobiriwira. Mayi wina anati anakumana ndi munthu wonga a Joakina akufunsa za mtsikana wa ana awiri kufupi ndi mudzi wathu. Wina anati mudziwo kulibenso, kwamera nsungwi ndi udzu. Uthenga wina sunabwerenso.

Tsopano papita zaka zisanu. Nkhondo kwathu sinathe. Ndinachoka kumsasa, ndikukhala kwa abale a amayi athu amene anandipeza, kufupi ndi Nkando. Ndimalima nandolo, tsiku la msika ndimagulitsa tomato. Kuno mfuti sizimveka. Ana amagona mpaka kucha.

Sukulu ndinalekeza kalasi yachitatu kwathu. Kulemba Chichewa ndaphunzira kuno, ku sukulu ya kwacha. Ndalemba izi m'kope la Tomasi lotsala masamba, kuti Luwiza akadzakula adzawerenge yekha, asadzamve kwa anthu. Adzadziwe kuti amake sanamusiye. Anabwerera kumene tonse tinkathawa chifukwa cha iye, ndiponso chifukwa ankandikhulupirira.

Chithunzi chija ndinapempha kuti asachichotse pabolodi. Anandiuza kuti chinayamba kufufuma ndi dzuwa, koma nkhope zikuonekabe.

Tinatuluka m'mudzi anthu anayi. Atatu tili pano. Luwiza amanditcha amayi, ndipo ndimayankha.

Diresi lija linamukwana ali ndi zaka zinayi. Analivala mpaka linayamba kumuthina m'khwapa. Ndinalichapa, ndinalipinda, lili pansi pa sutikesi. A Joakina akadzabwera adzafuna kuona ngati anayeza bwino.